Ndinasuntha Boti Kuti Lidikire Tchalitchi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amama. Kwa zaka khumi ndi chimodzi iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, dera la anthu olemera, kwa mayi wina wochokera ku Kitwe amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu. M'mawa uliwonse amama ankachoka kwathu ku Kalingalinga wapansi, kudutsa pakati pa akalipentala amene amayala mabedi ndi makabati m'mbali mwa msewu, n'kukafika pa geti seveni isanakwane. Kuseri kwa nyumbayo Madamu anali ndi kaofesi, m'chipinda chimene kale chinali galaja. Ankakonzera anthu maulendo a tchuthi, makamaka opita ku chilumba cha Zanzibar.

Titatseka sukulu kumapeto kwa Giredi 11, mtsikana amene ankawathandiza mu ofesimo anapita kukachira. Amama anamva nkhaniyo akusita, ndipo analimba mtima. Anandiuza okha mawu amene ananena: "Madamu, nili na mwana wanga, Esnart. Aziba kompyuta, na Chizungu chake nichabwino. Akalakwisa, munifunse ine."

Madamu anavomera kuti ndiyesere mwezi wa Disembala. Tsiku limenelo ndinalemba m'kabuku kanga ka chikuto cholimba kuti, "Mulungu watsegula chitseko. Ndidzakhala munthu wa maulendo." Ndinali ndisanaonepo nyanja. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a m'dzinja, ngalande zikasefukira ife n'kumapita kusukulu nsapato zili m'manja.

Ntchito ya maulendo ili ndi mbali ziwiri. Matikiti a ndege ndi mahotela ankagwira Madamu okha. Ine anandipatsa pulogalamu, pepala lofotokoza zimene mlendo adzachite tsiku lililonse kuyambira pofika mpaka pobwerera. Pa laputopu panali tebulo la magawo asanu: tsiku, ola, malo, wodzawatenga, ndi zoti anyamule. Ndinali ndi fayilo yobiriwira yokhala ndi manambala a madalaivala, operekeza alendo ndi eni maboti a pachilumbapo. Panali foni ya ofesi yong'aluka pakona, pulinta imene inkafuna kuti uziidyetsa pepala limodzilimodzi, ndi makina omatira pulasitiki pa pepala kuti lisanyowe m'boti. Makinawa ndinkawakonda kuposa zonse. Pepala likatuluka lili lotentha, lonyezimira, ndinkaona ngati ndapanga chinthu chosatha.

Madamu anandiphunzitsa malamulo a pulogalamu, ine n'kumalemba onse. Tsiku loyamba mlendo asachite kanthu, angopuma. Osaika zinthu ziwiri zotopetsa tsiku limodzi. Tauni yakale ya nyumba za miyala aione m'mawa dzuwa lisanapse, ndipo azimayi anyamule kansalu kofunda m'mapewa chifukwa eni dziko ambiri ndi Asilamu. Kumunda wa zokometsera chakudya asavale nsapato zoyera. Popita kukaona akamba aakulu a kumeneko anyamule chipewa. Chilichonse uchitsimikize kawiri ndi munthu wa komweko, ndipo ulembe dzina la amene wavomera.

Panalinso lamulo limene Madamu ankalibwereza kwambiri. "Kasitomala ndiye bwana. Osalola munthu wa kuja akusankhile nthawi. Bamafuna kupanikiza makasitomala batatu pa siku imozi, ndiye bazakuuza vilivonse."

Chilumbacho ndinachiloweza ngati Jogalafe. Ndinkadziwa mbali imene dzuwa limalowera, ndi mphindi zimene galimoto imatenga kuchokera ku bwalo la ndege kukafika kumpoto. Bambo wina atandifunsa ngati madzi ake amazizira, ndinayankha kuti ndi ofunda ngati a m'bafa, chifukwa ndinawerenga choncho. Iye anagwedeza mutu ngati walankhula ndi munthu amene anasambamo.

Cha m'ma teni amama ankabweretsa tiyi pa thireyi. Madamu akakhalapo, ankangoika n'kutuluka osandiyang'ana. Akakhala kuti achokapo, ankaima pakhomo n'kunena, "Ba manija, tiyi yanu. Shuga mufuna masipuni angati, ba manija?" Kenako ankayang'ana zithunzi za mchenga woyera pakhoma n'kupukusa mutu. "Banthu bakwela ndeke kuyenda kugona pa mchenga. Ife kuno mchenga tiupyanga."

Sabata yachitatu kunabwera ulendo wa ba Mwanza ndi akazi awo. Anali okalamba, akukwanitsa zaka makumi anayi ali m'banja, ndipo ulendowo anawagulira mwana wawo, ba Doreen. Ba Doreen anali kasitomala wamkulu wa Madamu, chifukwa maulendo onse a ku ofesi kwawo ankawabweretsa kwa ife. Pulogalamu imeneyi Madamu anaika okha mafupa ake, ine ndinangodzaza mnofu. Masiku anali asanu, kuyambira Lachitatu. Tsiku lomaliza, Lamlungu, panali boti la sikisi koloko m'mawa lokaona madolofini, nyama zooneka ngati nsomba zikuluzikulu zimene zimalumpha pamwamba pa madzi, kenako galimoto yopita ku bwalo la ndege thu koloko masana. Madamu anawerenga, anasaina pansi, ndipo Lolemba m'mawa ananyamuka kupita ku maliro a malume awo ku Kitwe. Anandisiyira kuti ndipulinte, ndimate pulasitiki, ndipereke.

Masana ake okalamba aja anabwera kudzaona pepala lawo. Mayi Mwanza anali atavala chitenje cha mpingo. Ba Mwanza, amene anali mkulu wa mpingo kwawo, ankawerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Atafika pa Lamlungu chala chinaima. Sanadandaule. Anangoyang'ana akazi awo.

"Ati sikisi koloko pa Sondo," anatero mayiwo. "Kaya. Kuchokela pa chikwati chathu sitinaphonyepo tchalitchi, koma Mulungu azamvesa. Izo nsomba nazilota mwezi wonse."

Ine ndinaleredwa m'nyumba imene Lamlungu suchapa ngakhale sokosi usanapite kukapemphera. Ndinachita manyazi ngati ndine ndalemba tchimo pa pepala la anthu akuluakulu. Ndinawauza kuti abwerenso mawa lake, ndiona chochita.

Lachiwiri lonse m'mawa ndinali pa foni. Ndinapeza tchalitchi chaching'ono chimene mapemphero ake amayamba hafu pasiti seveni n'kutha cha m'ma teni. Dalaivala anavomera kuwatenga. Chinatsala ndi boti. Ndinalisuntha kuchoka pa sikisi kufika pa leveni, monga momwe aphunzitsi amasinthanitsira piriyodi ya Masamu ndi ya Bayoloje, wina akakhala ndi chochita. Kenako ndinalembera ba Hamisi, mwini boti, m'Chizungu changa chabwino chija.

Anayankha mwachidule kuti sikisi ndiye yabwino.

Nthawi yomweyo ndinakumbukira lamulo la Madamu. Ndinakumbukiranso oitanira mabasi pa steji, amene amalumbira kuti watsala malo amodzi chonsecho basi ili ndi anthu atatu. Ndinamwetulira ndekha kuti sandipusitsa. Ndinalemba kuti alendowa ndi achikulire, ndi anthu opemphera, ndipo asankha leveni. Ba Hamisi analembanso kuti leveni koloko madzi adzakhala otsika. Mawu amenewa ndinkawadziwa. Tinaphunzira m'kalasi kuti mwezi umakoka nyanja, ndipo funso lake ndinalikhoza pa mayeso. Koma m'mutu mwanga madzi otsika anali ngati a mu diramu mukatungamo ndowa ziwiri: achepa, koma alimobe, ndipo boti liyandama. Sindinafunse kuti amatsika mpaka pati. Ndinalemba kuti kasitomala wasankha kale.

Panapita nthawi yaitali. Kenako anayankha kuti chabwino, iwo adzakhalapo, koma ndiwauze alendowo za madziwo. Sindinawauze. Ndinalemba dzina la ba Hamisi ngati wovomera, ndinapulinta, ndinamata pulasitiki.

Mayi Mwanza ataona mzere wa tchalitchi anandigwira tsaya ndi dzanja lawo lozizira. "Mwana woleledwa bwino. Amako nindani?" Ndinaloza kukhitchini, ndipo anapita kukawapatsa moni. Amama tsiku limenelo anayenda njira yonse yobwerera akuimba chapansipansi.

Madamu anabwera Lachisanu ali otopa, mauthenga atawaunjikira. Anandifunsa ngati ba Mwanza anyamuka bwino, ndinati inde. Za kusinthako sindinanene. Ndinkafuna kuti adzamve kwa alendowo akabwera, akundiyamikira.

Lamlungu ine ndi amama tinapita ku tchalitchi kwathu. Titatuluka, amama anayatsa kafoni kawo, ndipo kanalira asanakabwezere m'chikwama. Mawu a Madamu ndinawamva ndili pambali. "Bwelani manje manje. Nonse babili."

Tinapita ndi zovala za ku tchalitchi zomwezo. Mvula inali itagwa m'mawa ndipo msewu unali matope. Amama anandifunsa kamodzi kokha, tikudutsa pa akalipentala paja.

"Wachita chani?"

"Siniziba, amama."

Ndinanama pang'ono. Mawu a ba Hamisi anali atayamba kale kuzungulira m'mutu mwanga.

Madamu sanatitengere ku ofesi. Anatilowetsa pabalaza, pamene ine ndinali ndisanapondepo. Ba Doreen anali ataimirira pafupi ndi windo, makiyi a galimoto ali m'manja. Pa tebulo panali makapu awiri a tiyi amene palibe anamwako. Madamu anandipatsa foni yawo, vidiyo ikuyenda.

Poyamba sindinamvetse chimene ndinkaona. Kunali mchenga wonyowa wotambalala ngati mabwalo a mpira ambirimbiri olumikizana, muli timathawale ndi ndere zobiriwira. Kutali, azimayi anali atawerama akutola zinthu. Nyanja inali kamzere kabuluu kumapeto kwenikweni, pafupi ndi thambo. Boti la ba Hamisi linali litagona chammbali pamchenga ngati mbale yotayidwa, chingwe chake chili pouma. Pafupi nalo panaima mayi Mwanza, atavala diresi latsopano la chitenje chofanana ndi malaya a amuna awo, jekete losamira atalimanga kale pachifuwa. M'manja anali ndi pepala langa lija, likunyezimira padzuwa. Ankaliyang'ana, n'kuyang'ana mchenga, n'kuliyang'ananso.

Ba Doreen ndiwo anafotokoza zotsala. Hotela ya makolo awo inali m'tauni, kumene madzi amakhala pakhoma nthawi zonse, choncho anali asanaonepo nyanja ikuchoka chotere. Ba Hamisi anawauza kuti madzi abwerera cha m'ma folo, pamene iwo ayenera kukhala ali pa bwalo la ndege. Ba Mwanza ataona nkhope ya akazi awo, ndi maboti ena akuoneka kutali kumene kunali madzi, anavula nsapato za ku tchalitchi, anapinda thalauza, n'kunena kuti apita okha akapemphe malo m'boti lina. Anawaletsa koma sanamve. Pakati pa njira anaponda kanthu kakuda ka minga yaitali kamene kamabisala m'timathawale. Minga inathyokera m'phazi. Pa nthawi imeneyo anali pa kiliniki akuwazula.

"Nindani anachinja nthawi?" anafunsa ba Doreen.

"Ndine."

"Chifukwa?"

"Kuti bapemphele."

Anaseka, koma sikunali kuseka. "Batate banga bali na shuga. Uziba chilonda cha pa mwendo pa munthu wa shuga? Uziba mwamene chimathela?"

Ndinkadziwa. Pa mzere wathu pali bambo amene anayamba ndi kachilonda ka msomali.

Madamu anatenga fayilo yobiriwira ija n'kutsegula tsamba lomaliza. Linali pepala la manambala ang'onoang'ono m'mizere, tsiku lililonse la mwezi ndi maola ake, losonyeza nthawi imene madzi amadzaza ndi imene amaphwa. Ndinali nditaliona kambirimbiri. Ndinkaganiza kuti ndi la asodzi.

"Iyi pepala unaiona?"

"Ninaiona, Madamu."

"Hamisi anakuuza?"

"Ananiuza."

"Unafunsa ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Matailosi anali oyera kwambiri. Amama anali atawakolopa dzulo lake.

Ba Doreen anayang'ana amama, atavala duku la ku tchalitchi, kenako ine, kenako Madamu. Zinaoneka kuti akuzindikira kumene. "Dikilani. Uyu ni mwana wa ba meidi? Ine nikupasani makolo banga, imwe muyenda ku Kitwe, musiyila mwana wa sukulu wa ba meidi?" Ananena kuti kuyambira tsiku limenelo ofesi yawo idzafuna kwina, ndipo anzawo onse adzamva. Anatuluka kukaimbira foni dokotala wodzawachingamira bambo awo.

Amama anagwada. Ndinamva maondo awo akugunda pa matailosi.

"Madamu, ndine ninamubwelesa. Ni mwana, anafuna chabe kuchita bwino. Mumuchose, olo mumumenye, nivomela."

"Imani, amake Esnart." Madamu sankakalipa. Mawu awo anali otopa, ndipo maso anali ofiira, kaya chifukwa cha maliro kaya chifukwa cha ife. "Munakamba mweka kuti akalakwisa nifunse imwe. Manje nifunse chani? Nikamiona mu nyumba muno nizayamba kuona mwendo wa baja bakulu. Siyani makiyi pa tebulo. Nizamitumila foni."

Amama anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anachotsa makiyi atatu n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono kuti asalire. Ataimirira, manja awo anatenga okha makapu awiri aja kuti apite nawo kukhitchini.

"Asiyeni," anatero Madamu.

Anawabwezera pamalo pake penipeni.

Pobwerera ndinkafuna kuti andimenye. Ndinkafuna andilalatire pamsewu pomwepo, akalipentala onse amve. Sanatero. Titafika pamene matope anali ambiri anangoti, "Vula nsapato, niza mawa ku tchalitchi izo." Anali atasokoneza masiku. Sindinawakonze. Madzulo ake ndinatsegula kabuku kanga, ndinalemba deti, ndipo pansi pake palibe chilichonse mpaka lero.

Ndinalemba kalata yopepesa katatu ndisanakhutire nayo. Imodzi ndinasiya kwa alonda pa geti la Madamu, ina ndinapempha kuti ikafike kwa ba Mwanza. Madamu sanayankhe. Mayi Mwanza anatuma mawu kudzera mwa mayi wina wa mpingo wawo amene amagulitsa makala kufupi ndi kwathu. Anati ndisadzizunze, mapemphero a pachilumba paja anali okoma, anaimba nawo ngakhale chilankhulo sanachimve. Mawu amenewa anandipweteka kuposa a ba Doreen. Phazi la ba Mwanza linatenga miyezi iwiri lili m'bandeji. Linapola, ngakhale amati akuyenda ndi ndodo.

Amama anadikira foni Januwale yense. Ankaitchaja kwa neba magetsi akapita, ankaiika pafupi akamasamba. Ikalira ankapukuta manja asanaiyankhe. Mu Febuluwale ndinadzera dala ku Kabulonga pochokera kusukulu, ndipo pa mpata wa geti ndinaona mayi wina akuyanika matawulo pa chingwe, mopinda pakati, mosiyana ndi momwe amama ankayanikira. Sindinawauze. Ndikhulupirira anadziwa kale, chifukwa sabata yomweyo anayamba kuyenda m'mageti kufunsa maganyu ochapa. Kulikonse amawafunsa kalata ya kumene ankagwira, ndipo alibe. Zaka khumi ndi chimodzi zilibe pepala.

Ine ndili mu Giredi 12 tsopano. Ndimawerengabe, ndipo sindinasiye kufuna ntchito ya maulendo, ngakhale sinditchula zimenezi pakhomo. Amene akufuna kuiyamba ntchitoyi ndingamuuze chimodzi chokha chimene ndikuchidziwa bwino. Ola lililonse pa pulogalamu lamangiriridwa ku chinthu chimene suchiona uli pa desiki, kaya ndi dzuwa, kaya msewu, kaya madzi. Munthu amene waima pamalopo akakukanira, usanakumbukire kuti bwana ndani, mufunse kuti chifukwa chiyani, ndipo akayankha ufunsenso mpaka uchione m'maso mwako. Ine ndinali ndi mtima wabwino, ndinali ndi Chizungu chabwino, yankho la pa mayeso ndinali nalo. Funso limodzi lokha ndilo ndinalibe, ndipo amene analipira si ine.

Amama sanandidzudzulepo, ndipo nkhaniyi sitiikamba. Tsiku limodzi lokha, Loweruka lina, tikuchapa mabulangete a anthu pa mpopi, anaima atagwira msana n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Yaja manzi yanabwelela?"

"Yanabwelela, amama. Folo koloko. Yamabwelela siku iliyonse."

Sopo ankadontha m'zigongono mwawo.

"Gwila uko," anatero. "Tifinye."